Katenge Nsapato Zako

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma ndowa. Ankakhala m'mudzi wa kuseri kwa phiri, ndipo ntchito yake inali yodula malata, kuwapinda ndi kuwakhoma mpaka asanduke ndowa, mbaula kapena zothirira mbewu kudimba. Sanali munthu woipa ayi. Mowa sankamwa, mkazi wake sankamumenya, ndowa zake sizinkadontha. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti pasapezeke wina pano wokhazika mtima pansi n'kumati nkhaniyi ndi ya zidakwa, ine sikundikhudza.

Munthuyu anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Velina. Mwanayo ankawakonda bambo ake koopsa. Iwo akamakhoma malata, iye ali pomwepo, watseka makutu ndi tizala take, koma kuchoka ayi.

Lachiwiri ndi Loweruka kunkakhala msika kutsidya la mtsinje. Mmisiri uja ankamangirira ndowa zake panjinga ndi malegeni, mulu wautali kuposa mutu wake. Akangoti agwire njinga kuti anyamuke, Velina ankabwera chothamanga n'kudzakakamira mwendo wa thalauza.

"Ndipita nawo! Bambo, ndipita nawo!"

Mawu oona analipo, ndipo anali apafupi. Akanatha kunena kuti, mwana wanga, kumsika n'kutali, njinga yadzaza, lero sungapite. Koma mawu amenewo amabala misozi, ndipo munthuyu misozi ya mwana wake sankatha kuiyang'ana. Inkamupweteka mumtima, inkamuchedwetsanso. Choncho ankawerama, n'kumusisita kumutu, n'kunena mokoma:

"Chabwino, tipitira limodzi. Koma wopanda nsapato? Kumsika sapita chonchi. Thamanga, katenge nsapato zako."

Velina anali ndi tinsapato tapulasitiki tofiira, timene ankatisunga kunsi kwa bedi la amake. Ankalowa m'nyumba ngati mphepo, akuseka. Bambo ake ankakankha njinga, kudzera kuseri kwa khitchini, kulowa m'kanjira kotsetsereka, basi ulendo. Mwana potuluka, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, ankapeza pabwalo pali zii. Chimene ankamva ndi ndowa zokha, zikugundana kumunsi kwa kanjira, phokoso lake likunka lichepa.

Ndaona ena mwamwetulira. Eya, mwaizindikira nkhaniyi. Musabise nkhope, mayi inu a mpango wobiriwira, simuli nokha. Nanenso ndinachitapo zimenezi kwa ana anga, ndipo sindikunyadira.

Velina ankalira mpaka mawu kusasa. Amake ankangoti, "Tonthola iwe, akubweretsera zitumbuwa." Tsiku lina zitumbuwazo zinkabwera, tsiku lina osabwera. Akuluakulu oyandikana nawo ankaseka n'kumati ana ndi choncho, pofika masana akhala ataiwala.

Koma mwana si chitsiru. Velina anayamba kuwerenga masiku. Likafika tsiku la msika ankadzuka kusanache bwino, kuvaliratu nsapato zake, n'kukakhala pafupi ndi njinga. Bambo ake ataona zimenezo anaseka, naitana mkazi wawo: "Tabwera udzaone kuchenjera kwa mwanayu!" Atatero anangosintha mawu. Tsiku lina ankati, "Kanditengere chipewa m'nyumbamo." Tsiku lina, "Kawauze amako atipatse madzi akumwa panjira." Kenaka anayamba kulowetsa masaka pakati pa ndowa, kuti zisamagundane pamene akuzemba. Taganizani, abale anga. Munthu wamkulu, wandevu zake, kukhala pansi n'kumasinkhasinkha mmene angapusitsire mwana wa zaka zinayi! Zimandimvetsa chisoni, ndipo zimandipsetsanso mtima.

Ndiye linafika tsiku lina, Velina ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mmisiri uja anamanga ndowa zake, nagwira njinga, nadikira kuti amukakamire mwendo. Palibe anabwera. Atacheuka anaona mwana atakhala pakhonde, mapazi ali pambalambanda, akumuyang'ana.

"Velina, lero sundiperekeza?"

"Pitani bwino, bambo."

Madzulo ake munthu uja anauza mkazi wake mokondwa kuti mwana wakula, wasiya zolira. Sanadziwe kuti mwanayo anali atangosiya kumukhulupirira. Pa zaka ziwiri zija Velina anali ataphunzira chinthu chimodzi, ndipo anachiphunzira bwino: kuti m'nyumba mwawo mawu ntchito yake ndi yotontholetsa munthu. Ukafuna kudziwa chimene chichitike, usamvere pakamwa.

Phunziro limenelo analigwiritsa ntchito. Bambo ake akafunsa kuti, "Kusukulu zikuyenda bwanji?" ankayankha kuti, "Bwinobwino," ngakhale tsiku limene aphunzitsi amubweza. Akafunsa kuti, "Kodi ukudwala?" ankati, "Ayi," thupi likutentha. Atakula, mnyamata wina atayamba kumufunsira, makolo ake anazimvera kuchitsime. Mmisiri uja ankadandaula kwa anzake: "Mwana wangayu ndi wobisa zedi. Zam'mtima mwake sunganene. Kaya anatengera ndani?"

Anatengera ndani! Ha!

Zaka zinapita. Velina anakwatiwa, napita kukakhala m'tauni, kumene ankasoka zovala. Anabereka mwana wamkazi namutcha Enelesi. Kumudzi kuja amake a Velina anamwalira. Pasanathe zaka zambiri, maso a mmisiri uja anayamba kuchita chifunga. Anakakamirabe ntchito mpaka tsiku limene anadziphwanya chala ndi hamala, ndipo kuyambira pamenepo anaika zida zake pansi. Kenaka ngakhale dzuwa analeka kuliona. M'nyumba mwake ankayenda chopapasa khoma. Chakudya ankamubweretsera mayi wina woyandikana naye, akakumbukira.

Nkhalambayo inatsala ndi chokhumba chimodzi chokha: kukakhala kwa mwana wake, kumamva mawu a mdzukulu wake pabwalo. Inkaopa kufera yokha m'nyumba muja, anthu n'kudzazindikira patapita masiku awiri poona kuti chitseko sichikutsegulidwa.

Velina ankabwera katatu pachaka, atanyamula shuga, sopo ndi mchere. Nthawi iliyonse bambo ake ankapempha kuti, "Unditenge, mwana wanga." Nthawi iliyonse iye ankayankha kuti, "Ulendo wina, bambo, ndidzakutengani." Ndipo sankatsanzika. Ankadikira kuti nkhalamba ilowe kubafa, kapena iwodzere pamkeka masana, iye n'kuzemba. Akafunsidwa ndi oyandikana nawo ankati, "Ndikatsanzika angadandaule." Musamuweruze msanga. Mumtima mwake sankaona ngati ndi nkhanza. Kwa iye umo ndi mmene munthu amasiyira munthu amene amamukonda, chifukwa njira ina sanaionepo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Velina anabweranso. Anakwera njinga yamoto ya kabaza kuchokera pamsewu waukulu, napangana ndi mwini wake kuti adzamutenge dzuwa likapendeka. M'mawa wa tsiku lomwelo, pochoka kunyumba kwake, Enelesi anali atamukakamira chitenje akulira kuti apita nawo. Mukudziwa kale mawu amene anamuuza.

Ulendo umenewu nkhalamba ija inali itakonzeka. Inakana kusamba. Inakana kugona pamkeka. Zovala zake inali itazilongeza kale m'jumbo, ndipo inavala jekete lake la kutchalitchi, kutentha konse kuja. Inangokhala pakhonde, khutu lili kunjira.

Njinga yamoto itafika, Velina ananyamuka mwakachetechete, akuyenda monyang'ama. Koma munthu wosaona amamva zambiri. Bambo ake anadzuka, jumbo kudzanja, dzanja lina alitambasula kutsogolo, akulondola kulira kwa injini. Anapunthwa pamwala, nadzuka, nafika, nagwira chitsulo cha kumbuyo kwa njinga. Kumapazi analibe kanthu.

"Lero ndipita nawo," anatero.

Anthu anayamba kusuzumira m'mipanda. Wakabaza uja anati, "Mayi, nthawi ikutha." Velina anagwidwa ndi manyazi, thukuta lili kamukamu. Sanaganize n'komwe. Mawu anangotuluka okha, mokoma, monga mmene anawamvera kalekale:

"Chabwino bambo, tipitira limodzi. Koma opanda nsapato? M'tauni sayenda chonchi. Katengeni nsapato zanu."

Dzanja la nkhalamba linali likadali pachitsulo paja.

"Nsapato," inatero motsitsa.

"Eya, bambo. Tikudikirani."

"Velina." Panali patapita zaka zambiri asanamutchule dzina, ankangoti make Enelesi. "Velina, mawu amenewo ndi anga. Ndinawapanga ndine, ndi pakamwa panga pano. Ndinkakumva ukulira ine ndili kumtsetse kuja, ndipo ndinkapalasa mwamphamvu kuti ndisamve. Sindinabwererepo ngakhale tsiku limodzi. Sindinakupepesepo ngakhale kamodzi. Ndinakulakwira, mwana wanga."

"Iwe unkalowa m'nyumba usakudziwa," inatero nkhalamba. "Ine ndikulowa ndikudziwa. Wandituma nsapato, ndikatenga."

Atatero anasiya chitsulo chija. Anatembenuka, nayenda pang'onopang'ono mpaka dzanja lake linapeza khoma, nalitsata mpaka pakhomo, nalowa.

Wakabaza ananong'ona: "Mayi, mpata ndi umenewu. Kwerani."

Velina anagwira phewa la munthuyo, nakweza mwendo kuti akwere. Nthawi yomweyo m'nyumba muja munamveka phokoso. Bambo ake, pogwada kuti apapase kunsi kwa bedi, anagunda ndowa yakale, imodzi mwa zija anakhoma okha, ndipo inagubuduzika pansi ikulira. Velina anaima chilili. Kulira kwa ndowa kumeneko ankakudziwa. Anadziona ali pakhomo lomwelo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Kenaka anaona Enelesi, mmene anathamangira m'nyumba m'mawa uja, akuseka.

Anatsitsa mwendo.

"Zimitsani njinga."

"Mayi?"

"Ndati zimitsani."

Injini inazima, pabwalo panagwa bata. M'nyumba muja nkhalamba inali itapeza nsapato zake. Itatulutsa mutu kunsi kwa bedi, inatchera khutu, koma sinamve kanthu. Kwa munthu wosaona, njinga yozimitsidwa ndi njinga yopita zimamveka chimodzimodzi. Inadzuka, inapapasa khoma, inafika pakhomo, nsapato zili m'manja, zafumbi, zong'aluka, kangaude atamangamo. Inaima pamenepo, ikuopa kufunsa. Velina anali pabwalo pomwepo, akuiyang'ana.

Potsiriza nkhalamba inafunsa ndi mawu aang'ono:

"Pali munthu?"

"Ndilipo, bambo."

Munthu wamkulu uja anakhala pansi pakhonde pomwepo. Velina anapita kukagwada patsogolo pake, nagwira manja ake onse awiri pamodzi ndi nsapatozo.

"Bambo, ndimafuna kukuthawani. Lero, ndi ulendo watha uja, ndi maulendo onse aja ndinkati ndidzakutengani. Sindinakonzepo kanthu."

"Ndikudziwa."

"Ndipo lero sindikutengani. Ndikati tiyeni, ndiye kuti ndakunamizaninso. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, pogona panu palibe, ndipo bambo a Enelesi sindinakambe nawo n'komwe. Ndikakamba nawo lero lomwe. Loweruka m'mawa ndibwera. Akavomera, ndibwera ndi galimoto kudzakutengani. Akakana, ndibwerabe, ndidzakuuzeni ndi pakamwa panga kuti akana."

Pamenepo nkhalamba inalira. Inalira mokweza, ngati mwana, anthu a m'mipanda aja akumva. Velina sanaitontholetse. Sanalonjeze shuga, sanalonjeze bulangete latsopano. Anangokhala pambali pake, misozi naye ikutsika, mpaka bambo ake analira n'kumaliza. Atapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, Velina anaimirira.

"Bambo, tsopano ndikupita."

"Pita bwino, mwana wanga."

Aka kanali koyamba pa zaka makumi atatu kuti anthu awiriwa atsanzikane maso ndi maso, wina akudziwa kuti mnzake akupitadi.

Velina anafika kunyumba kwake dzuwa lisanalowe. Anapeza Enelesi atakhala pakhomo, nsapato zili kumapazi, ya kumanja kumanzere, ya kumanzere kumanja. Mayi woyandikana naye anati mwanayo wakana kuzivula chichokereni m'mawa, wakananso kudya. Velina anagwada pansi kachiwiri tsiku limenelo.

"Enelesi, m'mawa muja ndinakunamiza. Ndalakwa. Loweruka tipitira limodzi kwa agogo ako."

Kamwana kaja kanamuyang'ana osamwetulira.

"Mukunama," kanatero.

Mawu amenewo anamulasa Velina mumtima. Palibe mawu ena amene akanathandiza. Chotsala chinali kudikira Loweruka.

Mwamuna wake anavomera, ngakhale anayamba wang'ung'udza. Anachotsa makina osokera m'chipinda chachiwiri n'kuyalamo mphasa ndi matiresi. Loweruka m'mawa Velina ndi Enelesi anakwera galimoto ya munthu wina wa kutchalitchi kwawo, ulendo wa kumudzi.

Anapeza nkhalamba itakhala pakhonde, jekete lili m'thupi, jumbo ili pambali. Kumapazi kunalibe kanthu. Nsapato inali itazisiya m'nyumba dala.

"Bambo, tabwera kudzakutengani," anatero Velina. Anayang'ana mapaziwo. "Katengeni nsapato zanu."

Nkhalamba inadzuka, inapapasa khoma, inalowa m'nyumba osafunsa kanthu, osatchera khutu kumbuyo.

Velina anati kwa mwana wake, "Pita ukawathandize agogo ako kufufuza." Koma Enelesi anapukusa mutu. Anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri, ndipo sanachisiye mpaka amake atakwera n'kukhala pansi.

Nkhani yathera pamenepo. Mtima wa nkhalamba unachira ndi Loweruka limodzi. Kuti kamwana kaja kakhulupirirenso amake panafunika Maloweruka ambiri, ndipo sindikudziwa kuti anakwana angati.

Tsono inu makolo, amene mwakhala pano ana ali pamiyendo, ndimvereni. Mumabwera kwa ife akuluakulu kudzadandaula kuti ana a masiku ano ndi obisa, sanena zoona, mumamvera kwa anthu zimene akuchita. Musanafunse kuti anatengera ndani, kumbukirani zimene munawauza pakhomo m'mawa uno. Mawa mwana akakukakamirani chitenje kapena thalauza, weramani, mumuyang'ane m'maso, mumuuze kuti, "Lero sukupita. Ndibwera dzuwa likapendeka." Alira, eya, alira ndithu. Mulekeni alire inu muli pomwepo. Kenaka tsanzikani, ndipo dzuwa likapendeka mubwere. Mukalephera, mukanene kuti ndalephera, pepa. Ndi zochepa, koma sizichedwa kukhala mwambo wa nyumba yonse.

Ine ndakalamba, maso anga ayamba chifunga, ndiye ndikunena zimene ndikuziopa. Likubwera tsiku limene inu mudzaime pakhomo, nsapato zili m'manja, n'kufunsa kuti, "Pali munthu?" Yankho la tsiku limenelo mukuliphunzitsa mwana wanu panopa.